Agogo asafooke ife tikuona: zoyenera kuchita pakhomo

Kuno ku Kasungu munthu wamkulu akayamba kudandaula mutu, chizungulire kapena maondo, yankho la pakhomo limakhala lokonzeratu: "Ndi ukalamba umenewo, agogo." Akatero nkhani yatha, aliyense wabwerera kuntchito yake. Koma zambiri zimene zimagwetsa makolo athu ndi matenda odziwika, oyezeka, okhala ndi mankhwala ake, ndipo zina ndi njala chabe, njala yobisala m'nyumba muli chimanga. Malangizo awa ndalembera inu amene mukusunga mayi, bambo, agogo kapena apongozi opitirira zaka 60, kaya mumakhala nawo mpanda umodzi ku Chamama, kaya muli ku Lilongwe mumangotumiza ndalama pafoni.

Choyamba, pitani nawo kukayezetsa asanadwale

Kuthamanga kwa magazi, kumene tonse timangoti BP, nthawi zambiri sikupweteka. Munthu amalima, amaseka, amapita kumapemphero, uku mtima, impso ndi mitsempha ya m'mutu zikudyeka mkati ngati phaso lolowa chiswe. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Zaka zikamachuluka, vutoli limachulukanso.

Ndiye musadikire chizindikiro. Sankhani tsiku, tengani buku lawo la kuchipatala, pitani kuchipatala chimene muli nacho pafupi, kaya ndi Santhe, Chulu, Wimbe, Kaluluma kapena chachikulu cha paboma. Zaboma n'zaulere, zamishoni monga Nkhamenya ndi St Andrew's ku Mtunthama zimalipiritsa. Akuluakulu ambiri amakana ulendo wotere: "Ndikatani kumeneko, ndine wodwala ine?" Musakangane nawo. Nenani kuti, "Amayi, ine ndikufuna akandiyeze BP, tandiperekezani, akakuyezeninso inu." Ndipo mukafika muyezetsedi, chifukwa nanunso mukufunika.

Asanawayeze, akhale pansi apume mphindi zisanu, makamaka ngati mwayenda pansi kapena mwagwedezeka pakabaza. Nambala ikakhala 140/90 kapena kuposa, ndipo yabwerezanso tsiku lina, imeneyo ndi BP yofunika chithandizo. Lembani nambalayo ndi tsiku lake kumbuyo kwa buku. Pemphaninso awayeze shuga, akwere sikelo, ndipo ngati akhala akutsokomola masabata awiri kapena kuposa, apereke makhololo akayezedwe TB. HIV nayonso siona zaka, ayezetse.

Pali zina zimene mayi sangauze mwana wake wamwamuna, kapena bambo mwana wake wamkazi. Abambo kuvutika kutaya madzi, kudzuka kangapo usiku mkodzo n'kumangotuluka pang'onopang'ono. Amayi kuona magazi patapita zaka atasiya kusamba. Zonse ziwirizi sizoti n'kuzingoyang'ana. Pezani wachibale amene angamasukirane naye, kapena mukalowa kwa adokotala nenani zanuzo n'kutuluka, muwasiye okha.

Chachiwiri, mankhwala akhale ndi mwini wake pakhomo

Apa ndi pamene mabanja ambiri amataya zonse zimene anapeza paulendo woyamba uja. Mankhwala a BP ndi a shuga sachiza n'kutha ngati a malungo. Amagwira ntchito tsiku limene amwedwa. Agogo akamwa mwezi umodzi thupi n'kupepuka, amati achira, n'kusiya. Ena amasiya chifukwa wogulitsa zitsamba pamsika wawalonjeza botolo lochotseratu BP, ena chifukwa apemphereredwa. Ine sindiletsa munthu kupemphera; apemphere, piritsi akumwa. Koma kusiya mankhwala mwadzidzidzi ndi kumene kumabweretsa sitiroko, matenda ofa ziwalo, pakhomo.

Sankhani munthu mmodzi woyang'anira, ngakhale mdzukulu wa kusekondale amene ndi wokhulupirika. Nthawi yomwera muimangirire ku chinthu chochitika tsiku lililonse, monga phala la m'mawa, ndipo akamwa achonge pakalendala. Kukatsala sabata kuti mapiritsi athe, konzani ulendo wokatenga ena. Mukapeza kuti kuchipatala atha, pemphani akulembereni dzina ndi mlingo wake m'buku, mukagule kufamase yovomerezeka, osati mapiritsi oyalidwa padzuwa pamsika. Kubwerekana mapiritsi ndi aneba n'koopsa, ngakhale onse "akudwala BP".

Dziwaninso khalidwe la mankhwala amene apatsidwa. Pa mankhwala a BP, HCTZ amakodzetsa, choncho amwedwe m'mawa kuti agogo asamadzukedzuke usiku. Amlodipine amatha kutupitsa mapazi, enalapril amatha kuyambitsa kachifuwa kouma. Mukaona zimenezi kanenani, adokotala akhoza kusintha, osangosiya. Pa mankhwala a shuga, metformin amwedwe ndi chakudya. Amene akumwa glibenclamide kapena kubaya insulin asadumphe chakudya, makamaka miyezi ya Januwale ndi Febuluwale pamene mabanja ambiri amadya kamodzi. Akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta lozizira, kulankhula zosokonekera, shuga watsika: ngati angathe kumeza, apatseni msanga madzi osungunulamo masupuni atatu a shuga, kenako chakudya, ndipo mukanene kuchipatala.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mapiritsi a ululu ogula kuokala. Bufeni, indosidi ndi diclofenac amaletsadi kupweteka kwa msana ndi maondo, n'chifukwa chake agogo ambiri amamwa tsiku ndi tsiku, ena m'mimba mulibe kanthu asanapite kumunda. Kwa munthu wamkulu mankhwalawa amakweza BP, amaononga impso, ndiponso amayambitsa zilonda za m'mimba zotulutsa magazi. Chimbudzi chikada bii ngati phula, amenewo ndi magazi, thamangani nawo. Pa ululu wamba, panado ndiye wabwinopo: mapiritsi awiri, osapitirira katatu patsiku, pokhapokha adokotala atanena zina. Funsani mwaulemu muone zimene akusunga m'chikwama kapena pansi pa mphasa, ndipo paulendo wotsatira mutenge zonsezo, pamodzi ndi zitsamba zimene akumwa, mukaonetse.

Chachitatu, khalani pansi muone mmene akudyera

Musafunse kuti "Mwadya?" chifukwa yankho lake ndi "Eya, ndadya." Khalani nawo muone. Agogo ambiri amadya mbale imodzi ndi adzukulu, ndipo ndiwo zikachepa iwo ndi amene amayamba kubweza dzanja. Ena mano anatha, nyama ndi chimanga chokazinga sangazithe, koma kunena akuchita manyazi. Chitenje chikayamba kuzungulira kawiri, lamba n'kuboolanso bowo lina, ndiye kuti thupi likutha, ndipo chimene chimatha msanga ndi minofu ya m'miyendo imene imawaimiritsa.

Apatseni mbale yawoyawo. Alangizi a zaumoyo amaphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Kwa okalamba, gulu limene limasowa kwambiri ndi lomanga thupi, pamene kuno kwathu soya, mtedza ndi nyemba timalima tokha n'kugulitsa zonse kwa mavenda. M'mawa phikani phala la mgaiwa lothira nsinjiro kapena ufa wa soya wokazinga. Usipa, bonya kapena matemba musinje, muthire m'ndiwo zamasamba, kuti adye ndi minga yomwe, imene imalimbitsa mafupa. Nyemba, nandolo ndi khobwe zipse mpaka kuphwanyika. Dzira limodzi lowiritsa, futali wa mbatata kapena wa maungu, ngumbi ndi mphalabungu panyengo yake, mkaka ukapezeka. Munthu wamkulu satha kudya zambiri nthawi imodzi, ndiye ndi bwino adye pang'ono kanayi kusiyana n'kuwaunjikira mitanda itatu madzulo okha.

Nkhwani, bonongwe, chisoso, kholowa ndi luni zisasowe, ndipo nthawi ya dzinja futsani zambiri kuti chilimwe mukhale ndi mfutso. Soda ndi chidulo zimafewetsa masamba koma zimaononga mavitamini ena, komanso soda ali ndi mchere womwewo wokweza BP. Duladulani masamba tating'ono, thirani nsinjiro, afewa okha. Mapapaya, mango, nthochi, magwafa ndi masuku, chilichonse chimene chili panyengo, chimathandizanso kudzimbidwa kumene kumavuta akuluakulu ambiri.

Mchere: WHO imalangiza kuti munthu asapitirire magalamu 5 patsiku, ndiye kuti kasupuni ka tiyi kamodzi kosasefukira, kuwerengera zonse zimene wadya. Nsomba zouma zothira mchere, buledi ndi zokometsera za m'mapaketi zili nawo kale wambiri. Chepetsani pang'onopang'ono mumphika wa banja lonse, ndipo kambale ka mchere kasamabwere pamphasa. Mukawaphikira zawozawo zopanda kukoma, ena akudya zokoma, adzakana, ndipo adzakhala ndi chifukwa. Wa shuga musamuphe ndi njala pomuletsa chilichonse. Adye nsima ya mgaiwa yochepa, ndiwo zambiri, tiyi wopanda shuga, ndipo zakumwa za m'mabotolo ndi thobwa lotsekemera azisiye.

Pa mtedza pali msampha umene alimi a Kasungu ndi Mchinji tiyenera kuudziwa. Posankha, wabwino timagulitsa, wonyala ndi wachuku n'kusiya kuti "uwu ndi wa nsinjiro". Chuku chimenecho chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amaononga chiwindi, ndipo satha ndi kuphika. Kuwaza madzi pamakoko kuti kusenda kuphweke kumachulukitsa chukucho. Wa pakhomo ukhale wabwino uja, wouma gwa. Ndipo pokolola, musanaitane wa sikelo, patulani thumba la agogo la soya, mtedza ndi nyemba, mulisunge kuti lidzafike Febuluwale.

Za kachasu, chingambwe ndi fodya wa m'mphuno, kukalipira sikuthandiza munthu amene wasuta zaka 40. Afotokozereni kuti zimenezi zikulimbana ndi mapiritsi amene akumwa, ndipo pemphani adokotala anenenso okha.

Chachinayi, madzi

Munthu akamakula ludzu salimva msanga, ndipo ena amadziletsa dala poopa ulendo wa kuchimbudzi. Mwezi wa Okutobala zimenezi zimabweretsa chizungulire, kudzimbidwa ndi kusokonezeka mutu. Ikani botolo la madzi a pamjigo kapena othira klorini pamene amakonda kukhala, muzilidzaza m'mawa ndi masana. Mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri, madzi akuchepa. Okhawo amene adokotala anawauza kuti achepetse chifukwa cha mtima kapena impso ndi amene atsatire zimenezo.

Chachisanu, yendani pakhomo ndi maso a munthu wofooka miyendo

Kugwa kumodzi kumatha kusintha zonse. Fupa la m'chiuno likathyoka, agogo amene dzulo ankapita kudimba amakhala chigonere, kenako zilonda ndi chibayo zimatsatira. Tsono yendani njira imene iwo amayenda usiku, kuchokera pogona kukafika kuchimbudzi. Chotsani miyala, zitsa, zingwe za mbuzi ndi makasu. Kwirirani maenje amene munakumba dothi la njerwa. M'chimbudzi zikani mtengo wolimba wogwira, ndipo ngati kunjuta kukuwavuta, boolani mpando wakale muuike pabowo. M'bafa miyala ya ndere ichoke, mukhale kampando. Tochi izikhala kumutu, ndi kachidebe kokodzeramo usiku. Mapatapata otha ndi amene amagwetsa anthu. Nsapato zogwira chidendene ndi zabwino. Ndodo ifike pamfundo ya dzanja munthu ataima chilili.

Aphunzitseni kudzuka pang'onopang'ono: akhale kaye tsonga, awerenge mpaka 20, kenako aime atagwira. Mankhwala a BP amatha kubweretsa chidima m'maso munthu akadzambatuka. Ngati kudzuka pamphasa kukuvuta, ganizirani za bedi, ngakhale la mitengo.

Koma musawalande ntchito zonse poti mukuwasamala. Mawu akuti "Khalani pansi agogo, tichita ife" ndi achikondi, koma miyendo yongokhala imafota. WHO imalangiza mphindi zosachepera 150 pasabata za ntchito yotenthetsa thupi pang'ono, ndiye kuti theka la ola masiku asanu. Kusesa, kupalira m'mawa dzuwa lisanakwere, kuthirira kudimba, kuyenda kupita kutchalitchi kapena kumzikiti, zonsezi n'zowerengeka. Zimene muwalande ndi zolemera: mtolo wa nkhuni, ndowa ya malita 20, thumba la feteleza. Onjezani kanthu kamodzi kophweka: akhale pampando, aimirire, akhalenso, maulendo 10, m'mawa ndi madzulo. Kumeneku kumalimbitsa ntchafu.

Nyengo ya fodya agogo ndi amene timawasiyira kusoka ndi kusankha. Fumbi la m'chigafa limavuta wa chifuwa ndi wa mphumu, choncho azikhala poduka mphepo, azipumira. Ndipo mankhwala opopera fodya kapena othira m'chimanga musawatsanulire m'botolo la chakumwa. Munthu wosaona bwino sangasiyanitse.

Chachisanu ndi chimodzi, maso ndi usiku

Ng'ala si mapeto a kuona. Imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi, munthu ali maso, ndipo ambiri amayambanso kuona tsiku lotsatira. Funsani kuchipatala cha paboma. Akakuuzani tsiku limene madokotala a maso akubwera, kapena akakutumizani ku Kamuzu Central kapena ku Nkhoma. Musadonthezere madzi a zitsamba m'maso. Ngakhale WHO inalengeza mu 2022 kuti Malawi yathana ndi matenda a maso otchedwa trachoma, akuluakulu ena amene anadwala kale ali ndi nsidze zopindikira mkati zimene zimakanda diso, zimenezonso zimakonzedwa.

Agone m'neti ngati ana. Mu Juni ndi Julayi, bulangete lachiwiri, chipewa ndi masokosi zipite kwa iwo poyamba. Mbaula ya makala isagone m'nyumba yotseka: mpweya wake sununkha, umapha munthu ali m'tulo. Wa shuga, muziona mapazi ake madzulo aliwonse, chifukwa minga imatha kulowa iye osamva, ndipo asamayandikize mapazi kumoto.

Chachisanu ndi chiwiri, asakhale okha, ndipo akayamba kuiwala muime nawo

Kanyumba ka agogo nthawi zambiri kamakhala kumapeto kwa mudzi, anzawo a msinkhu wawo ambiri anatsogola. Munthu wongokhala yekha amasiya kudya, kusamba, ngakhale kumwa mankhwala. Mdzukulu mmodzi azigona nawo. Pokambirana za munda, za ukwati, za maliro, afunseni maganizo, ndipo mumveredi. Aperekezeni kumvano, kukwaya, kubwalo, kubawo. Inu a kutauni, ndalama ya pa Airtel Money kapena Mpamba siilowa m'malo mwa mawu anu. Imbani, ndipo pemphani foni ipatsidwe kwa iwo eni ake, osangomva lipoti la amene walandira ndalamayo. Akamangokhala ndwii masabata angapo, osagona, n'kumanena kuti "Bola ndingofa", musazitenge ngati zolankhula za ukalamba. Kukhumudwa kotere ndi matenda ndipo kuchipatala amathandiza.

Tsopano nkhani yowawa. Akuluakulu ena ubongo umayamba kufooka. Amaiwala mayina a ana awo, amabwereza funso lomwelo, amasochera panjira ya kuchitsime, amatuluka usiku n'kupezeka pakhomo pa eni, mwina osavala. M'midzi mwathu munthu wotere akapezeka m'bandakucha, mawu oyamba amakhala akuti "wagwa paulendo wa ufiti", ndipo agogo ena amenyedwa, kuotcheredwa nyumba, ngakhale kuphedwa chifukwa cha matenda. Ukamufunsa mwaukali munthu wosokonezeka, amavomera chilichonse. Amenewa ndi matenda a muubongo otchedwa dementia, ndipo amapezeka m'maiko onse.

Musadikire tsiku limenelo. Mukangoona zizindikiro, pitani nawo kuchipatala kuti zilembedwe m'buku. Kenako kauzeni anyakwawa, abusa kapena ashehe, a komiti ya chitetezo cha m'mudzi ndi aneba kuti, "Amayi athu akudwala matenda oiwala, mukawaona akuyenda okha tithandizeni kuwabweza." Sokererani kansalu kolembapo dzina la mudzi ndi nambala yanu ya foni pachovala chawo. Akalakwitsa musawatsutse kapena kuwaseka. Ayankheni modekha, sinthani nkhani. Lamulo lili kumbali yanu: lamulo la za ufiti, Witchcraft Act ya 1911, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu okalamba. Wina akayamba kuopseza, kapena kufuna kulanda munda wa agogo pogwiritsa ntchito nkhani zotere, kanenani kupolisi, ku Victim Support Unit, zinthu zisanafike poipa. Koma kusokonezeka kobwera mwadzidzidzi, kwa tsiku limodzi kapena awiri, n'kwina: kumatha kukhala malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo kapena shuga, ndipo n'kofunika chipatala tsiku lomwelo.

Chomaliza, konzekerani tsiku lothamanga

Khalani pansi pachibale mugwirizane: ndani amayang'anira mankhwala, ndani amaperekeza kusikelo ya BP, ndani amalipira mayendedwe. Amene akukhala ndi agogo tsiku ndi tsiku, kawirikawiri mwana wamkazi, naye amatopa, muzimulandira. Ndalama ya fodya ikatuluka ku Chinkhoma, kapena mukagawana kubanki m'khonde, patulani ya ulendo wa kuchipatala, isakhudzidwe. Ngati agogo akulera ana amasiye ndipo pakhomo palibe wogwira ntchito, funsani kuofesi ya zachisamaliro cha anthu za Mtukula Pakhomo, ndondomeko yopereka ndalama kwa mabanja ovutikitsitsa imene inayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo tsopano ili m'maboma onse. Sungani nambala ziwiri za anthu a njinga yamoto kapena galimoto amene angadzuke usiku, nambala ya mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, ndi ya Chipatala cha pa Foni pofunsa malangizo.

Aliyense pakhomo, ndi ana omwe, adziwe zizindikiro zosadikira kuti kuche: pakamwa kupotokera mbali imodzi, mkono kapena mwendo kulefuka mwadzidzidzi, lilime kulemera, kupweteka kothina pachifuwa, kubanika, kusanza magazi, kulephereratu kukodza, kugwa n'kulephera kuponda, kutsegula m'mimba kosalekeza. Pa sitiroko, musateme mphini, musawamwetse madzi kapena phala chifukwa akhoza kutsamwa, ndipo musaonjezere mapiritsi a BP mwa inu nokha. Agonekeni cham'mbali, kumbukirani ola limene zayamba, tengani buku ndi mankhwala onse amene akumwa, nyamukani.